Kukoka waya wa soketi kupita m'chipinda chatsopano

Zimitsani main switch, kenako yesani ndi tesita kuti soketi yomwe mutengepo moto yazimadi.

Gobani khoma, muike paipi ya conduit ya 20mm mpaka pabokosi la soketi yatsopano, mukokemo waya wa 2.5mm. Wa 1.5mm ndi wa mababu. Mukalumikizako zipangizo zokoka moto wambiri ungathe kutentha mpaka kusungunuka.

Kumbuyo kwa soketi kuli zilembo L, N ndi E: waya wofiira kapena wabulauni ulowe pa L, wakuda kapena wabuluu pa N, wobiriwira pa E. Mangani masikulu zolimba, waya wogwedera umathetheka n'kupsereza soketi.

Pa soketi ya ring circuit (waya wochoka pa breka, kuzungulira masoketi n'kubwereranso pa breka yomweyo) tengani soketi yatsopano imodzi yokha. Mukafuna zambiri, wamagetsi wa chiphaso akokere waya wakewake kuchokera pa breka ya 20A. Breka ikagwa poyatsa, mwina mawaya akhudzana penapake.