Mwana wobanika mu wodi: yambani ndi maso, manja pambuyo

Anamwino atsopano mukafika pabedi la mwana wa chibayo mumathamangira kumugwira. Dikirani kaye. Akangolira, kapumidwe kake simukawerenganso molondola. Musiyeni pamiyendo pa mayi ake, muwapemphe kuti, "Amayi, tamukwezani malaya tione pachifuwa," inu muime chapatali wotchi ili m'manja.

Werengani mphindi yathunthu. Zowerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa ine sindizilola, chifukwa makanda amapuma modukizadukiza. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mwana akupuma mothamanga ngati wosakwana miyezi 2 wafika 60 pamphindi, wa miyezi 2 mpaka 11 wafika 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 wafika 40.

Kenako yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa ndi mimba zimatukukira limodzi. Wobanika, pokoka mpweyawo m'munsi mwa chifuwa mumalowa m'kati, ndipo zimachitika nthawi zonse, osati polira kapena poyamwa pokha. Khanda lobadwa kumene nthiti zake ndi zofewa, choncho kulowa pang'ono kusakututumutseni. Koopsa ndi kulowa kozama. Onaninso mphuno ngati zikutukuka, komanso mutu ngati ukugwedera motsatira mpweya. Tcherani khutu: kubuula potulutsa mpweya ndi chizindikiro choipa, phokoso lokalakala pokoka mpweya limaloza kukhosi, pomwe kamluzu potulutsa ndi ka m'mapapo, monga pa mphumu.

Pakhungu lathu lakudali kusowa kwa okosijeni sikuonekera msanga, ndiye onani lilime ndi nkhama. Mwana wochepa magazi kwambiri sangasinthe mtundu n'komwe. Ikani oximeter, kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi, pachala chofunda, mudikire nambala ikhazikike. Ikatsika pansi pa 90, muikeni pa okosijeni pompopompo, dokotala akupezeni mwayamba kale. Akapitirira kubanika, kambiranani za CPAP, makina othandiza kupuma pokankhira mpweya m'mphuno mosalekeza, ngati ilipo.

Musaiwale malungo. Kupuma mozama, m'chifuwa muli mbee, kawirikawiri kumakhala kwa malungo aakulu kapena kutha madzi m'thupi. Yezani malungo, shuga ndi magazi.

Amene amandiopsa kwambiri ndi uja amabanika madzulo onse, usiku n'kungoti zii, gadiyani n'kumati wapezako bwino wagona. Liwiro la kapumidwe likatsika koma mwana ali lefu, osayamwa, osadzuka mukamugwedeza, ameneyo watopa. Itanani anzanu, ambu bag, chipangizo chopopera mpweya m'mapapo ndi manja, ikhale pafupi.