Momwe mungapemphere kanema wa makamera a boma ku Britain

M'matauni a ku Britain makamera a CCTV ali ponseponse: m'misewu, m'masiteshoni, m'mabasi, ngakhale pachifuwa pa apolisi. Lamulo la Data Protection Act la 2018 limakupatsani ufulu wopempha kanema amene mwaonekamo, kaya ndinu nzika kaya mlendo. Pempholi amalitcha subject access request, ndipo nthawi zambiri salipiritsa.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nthawi. Makhonsolo ambiri amafufuta kanema pakadutsa masiku pafupifupi 30, ndipo apolisi a Metropolitan ku London amafufuta wa makamera a pachifuwa pakatha masiku 31 ngati sanasungidwe monga umboni. Pomwe mwini kamera ali ndi mwezi wathunthu woti akuyankheni. Mukazengereza sabata ziwiri, yankho likhoza kubwera loti kanemayo adapita kale. N'chifukwa chake muyenera kulemba tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba akhale owapempha kuti kanemayo amusunge, asafufutidwe.

Mwini kamera mumudziwa pa chikwangwani chimene chimaikidwa pafupi ndi kamerayo. Pamakhala dzina la bungwe ndi njira yolumikizana nalo. Chijambuleni pa foni musanachoke pamalopo.

M'kalatamo tchulani tsiku, dzina la msewu, sitolo imene munaima pakhomo pake, ndi zovala zimene munavala. Ikanimo chithunzi chanu ndi fotokope ya chiphaso. Pa nthawi musapite m'mbali: kulemba kuti "Lachisanu masana m'tauni" kumangochedwetsa zinthu, chifukwa adzakubwezerani kalatayo kuti mufotokoze bwino, masiku akupita. Lembani kuti pakati pa 2:10 ndi 2:25 masana.

Mwini kamera akhoza kukana ngati kanemayo angasokoneze kufufuza mlandu. Nkhope za anthu ena amazibisa. Mwezi ukatha ali chete, akumbutseni polemba, kenako kadandauleni ku Information Commissioner's Office, ofesi imene imaonetsetsa kuti lamulo la Data Protection Act likutsatidwa.

Inunso muli ndi ufulu wojambula apolisi, ndipo ufulu umenewu ndi wofunika zedi, chifukwa kamera ya pachifuwa amaiyatsa ndi wapolisi mwini. Malangizo a apolisi a Metropolitan amanena poyera kuti pamalo a aliyense simufunika chilolezo, komanso kuti wapolisi alibe mphamvu yokuletsani kujambula kapena yofufuta zimene mwajambula. Amaloledwa kuona zithunzi zanu akamakusechani motsatira gawo 43 la Terrorism Act ya 2000, ngati ali ndi chifukwa chomveka chokuganizirani zauchigawenga.

Imani chapatali, foni ili poonekera, osalowerera, popeza kutsekereza wapolisi pantchito yake ndi mlandu. Yesetsani kuti nambala ya paphewa lake ioneke, ndipo tchulani mokweza malo ndi nthawi kuti zimveke m'kanemamo. Mukatha, mutumizeni kwa mnzanu nthawi yomweyo musanamudule kapena kumusintha, chifukwa foni akhoza kuilanda monga umboni.