Momwe mungaphunzirire Chisipanishi cha kuchipatala osasochera ndi katchulidwe ka mayiko osiyanasiyana

Kuno ku Texas ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo funso lomwe anzanga aunesi amandifunsa pafupipafupi pa WhatsApp ndi lakuti kodi Chisipanishi unachiyamba bwanji iwe, nanga nzotheka munthu wamkulu kale ngati ine? Nzotheka ndithu, ndipo ife olankhula Chichewa pakamwa pathu pali kale theka la ntchito. Chomwe chimavuta ndi makutu, chifukwa Chisipanishi cha mu apu ndi chomwe atulutse agogo a ku Cuba 3 koloko usiku ali pa ululu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndiye ndifotokoze ndondomeko yomwe ndimawauza anzangawo.

Choyamba, musanatsitse apu iliyonse, dziwani kuti odwala anu kwawo nkuti

Ku America anthu oposa 40 miliyoni amalankhula Chisipanishi pakhomo, ndipo mwa anthu onse ochokera ku mayiko a Chisipanishi, oposa theka mizu yawo ndi ya ku Mexico. Koma zimatengera mzinda. Ku Texas ndi California mukumana kwambiri ndi a ku Mexico, ku Miami ndi a ku Cuba, ku New York a ku Puerto Rico ndi Dominican Republic, ku Washington DC kuli a ku El Salvador ambiri. Amene mukupita ku sukulu ya udokotala ku Cuba, monga ophunzira a ku South Africa omwe boma lawo lakhala likuwatumiza kumeneko, kapena mukufuna ntchito ku Madrid, nkhani yanunso ndi ina. Sankhani katchulidwe kamodzi kuti ndiko muzilankhula, enawo muzingophunzira kumva basi. Kwa amene ali ku America ine ndimati yambani ndi ka ku Mexico, amatchula zilembo pafupifupi zonse bwinobwino ndipo aliyense akumvani.

Chachiwiri, tengani sabata imodzi yokha pa zilembo

Apa mpomwe timadyera. Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu, a e i o u, ndipo amatchulidwa ngati a Chichewa ndendende, samasinthasintha ngati a Chizungu aja. Chilembo cha ñ ndi ny wathu wa nyama, ndiye niño, mwana, ndi ninyo. P, t ndi k wawo alibe mpweya, ndi p wa pala osati ph wa phala, azungu amavutika nazo zaka koma ife tinabadwa nazo. Komanso b ndi v kwa iwo ndi liwu limodzi, ndipo likakhala pakati pa mavawelo limafewa nkumamveka ngati ŵ wa Malaŵi, ndiye cabeza, mutu, munthu wa ku Mexico amati kaŵesa.

Zoti muloweze ndi zochepa. H satchulidwa olo pang'ono, hospital ndi ospital, hígado, chiwindi, ndi igado. J amamveka ngati h wochokera kukhosi, ojo, diso, ndi oho. G akatsogozana ndi e kapena i amachitanso chimodzimodzi, ndiye alergia ndi alerhia. Que ndi ke, qui ndi ki.

Koma pali matenda athu awiri, tisabisane. Loyamba ndi l ndi r. Kwathu olo unene kulira kapena kurira palibe amene akufunse, koma uku pelo ndi tsitsi, pero ndi koma, perro ndi galu. Ine zinanditengera miyezi kuti rr atuluke, ndimayeserera mu galimoto popita ku shifiti, lilime kuseri kwa mano akumwamba nkumaliza ngati mwana akuyerekeza njinga yamoto ya kabaza, anthu pa maloboti kumandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Lachiwiri ndi kuwonjezera vawelo kumapeto, dolor kukhala dolori, hospital kukhala ospitali. Dulani pomwe liwu lathera.

Mphamvu ya liwu nayonso musaiphonye. Mawu othera ndi vawelo, n kapena s amatsindika silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga momwe timakokera mawu ife, ndiye zimabwera zokha. Othera ndi zilembo zina amatsindika yomaliza, dolor, hospital. Pakakhala kachizindikiro pamwamba, tsindikani pomwepo. Onani izi: vómito ndi masanzi, vomito ndi ndimasanza, vomitó ndi anasanza. Zilembo zomwezo, koma mu lipoti ndi nkhani zitatu.

Chachitatu, phunzitsani makutu, ndipo apa khalanipo nthawi

Usiku wina ndili pa shifiti agogo ena aamuna a ku Cuba anaimba belu, ndikulowa ndinawapeza atagwira chitsulo cha bedi akuti "toy mareao, mija, toy mareao". Ine kakasi. Ndinali nditamaliza miyezi inayi pa apu, mawu oti estoy mareado, ndikumva chizungulire, ndimawadziwa bwino kwambiri, koma mmene anatulukira pakamwa pawo sindinawazindikire mpaka mnzanga wa ku Honduras atalowa nkuwakhazika pansi msanga. Akanagwa agogo aja ine ndili chiimire ndi Chisipanishi changa cha mu foni.

Zomwe zinachitika apo ndi kalankhulidwe ka ku Caribbean, ndiye kuti Cuba, Puerto Rico, Dominican Republic, komanso m'mbali mwa nyanja ku Venezuela ndi Colombia. S wa kumapeto kwa silabo amamumeza kapena amangosanduka kampweya, ndiye ¿cómo está usted? amamveka ngati komo etá uté. D wapakati amasowa, cansado, kutopa, ndi kansao. Ku Puerto Rico ndi ku Dominican Republic r wa kumapeto ambiri amamusandutsa l, dolor nkukhala dolol, apa ndiye ndinaseka ndekha kuti kani matenda athu aja alikonso kuno. Ndipo amathamanga, eee. Choopsa ndi manambala. Dos ndi 2, doce ndi 12, tres ndi 3, trece ndi 13, munthu akamameza zilembo nkumathamanga mutha kulemba zolakwika. Sesenta ndi 60, setenta ndi 70, izi zimasokoneza ngakhale eni ake pa foni. Nambala iliyonse ya mankhwala kapena ya shuga ibwerezeni, kapena apatseni pepala alembe.

A ku Mexico City ndi madera okwera a ku Mexico amachita zosiyana, s amamveka bwino koma mavawelo ena amafupika. Mukawaitana nkuyankha kuti ¿mande? sakukulamulani, ndi ulemu, ngati "wawa" wathu kapena "mwati bwanji". Ahorita ndiye musamukhulupirire kwambiri, angatanthauze pompano kapena nthawi ina iliyonse, ali ngati "ndikubwera" wa ku Malawi.

A ku Argentina ndi Uruguay, makamaka a ku Buenos Aires ndi Montevideo, ll ndi y amawatchula ngati sh. Ena ambiri amati me yamo potchula me llamo, dzina langa ndi, koma iwo amati me shamo, ndipo rodilla, bondo, ndi rodisha. Ku Spain, kupatula ku Canary Islands ndi madera ena a ku Andalusia, z komanso c wotsogozana ndi e kapena i amatchulidwa lilime lili pakati pa mano, ngati mmene azungu amayambira liwu la think, osati th wathu wa thupi ayi. Ndiye corazón, mtima, ku Madrid amamveka mosiyana ndi korason wa ku Latin America konse. Mwina mudzamva wina akuti cha ku Spain ndiye Chisipanishi chenicheni, zimenezo zisiyeni, nchimodzimodzi kukangana kuti Chinyanja cha ku Chipata ndi Chichewa cha ku Dedza cholondola nchiti pomwe wodwala akubuula.

Kachitidwe kake nkosavuta. Tsiku lililonse mphindi 15, sankhani dziko limodzi pa sabata, fufuzani pa YouTube nkhani za pa TV kapena madokotala a dzikolo akufotokoza za matenda a shuga, chepetsani liwiro lifike pa 0.75, mverani chiganizo chimodzi, imitsani, bwerezani mokweza. Pa webusaiti ya Forvo mutha kulemba liwu limodzi nkumva anthu a mayiko angapo akulitchula. Univision ndi Telemundo, ma TV a Chisipanishi a ku America, zimathandiza koma owerenga nkhani amalankhula moyera kwambiri, bola muzimvetsera anthu wamba omwe akufunsidwa mumsewu.

Chachinayi, lowezani ziganizo zochepa zomwe mumanena tsiku lililonse

Osayamba ndi mabuku a galamala onenepa aja. Lembani zinthu 20 zomwe mumanena pa shifiti iliyonse, mupeze Chisipanishi chake, muzinene mpaka zizituluka muli mtulo. ¿Dónde le duele? ndi mukumva kupweteka pati. ¿Desde cuándo? ndi kuyambira liti. ¿Tiene alergias? ndi pali mankhwala kapena zakudya zomwe sizikuyanjani. Respire profundo, pumani kwambiri. Del cero al diez, ¿cuánto le duele? pofunsa mulingo wa ululu. Con permiso musanamugwire munthu, ngati kuodira. Ndipo chiganizo chomwe chandipulumutsa kuposa zonse, más despacio, por favor, pang'onopang'ono chonde. MedlinePlus, webusaiti ya zaumoyo ya boma la America, ili ndi mbali ya Chisipanishi yaulere, mumawerenga za matenda omwe mukuwadziwa kale ndiye mawu amalowa msanga.

Za ulemu sizingativute ife. Tú ndi iwe, usted ndi inu. Wodwala wamkulu aliyense ndi usted mpaka iye mwini anene kuti basi, ndipo agogo mukawatchula don kapena doña kutsogolo kwa dzina lawo loyamba nkhope imawala. Ku Spain amafulumira kunena tú, ku Argentina ndi mayiko ambiri a ku Central America mumva vos m'malo mwa tú, inu zisakusokonezeni, gwirani usted.

Chachisanu, mawu achinyengo

Alipo mawu omwe amaoneka ngati Chizungu koma akunama. Embarazada si manyazi, ndi woyembekezera. Constipado ku Spain ndi munthu wa chimfine, wodzimbidwa ndi estreñido. Liwu la once pa Chisipanishi limatchulidwa kuti "onse" ndipo ndi 11, ndiye ganizirani botolo la mankhwala lolembedwa Chizungu kuti once, kutanthauza amwe kamodzi pa tsiku, likafika mmanja mwa munthu wowerenga Chisipanishi chokha. Años ndi zaka, koma mukawerenga pa pepala lomwe wina sanaike kachizindikiro pa n nkunena kuti anos, mwafunsa agogo za kotulukira chimbudzi, ine zinandichitikirapo ndipo ana awo anaseka mpaka misozi.

Ena amasintha ndi dziko. Chimfine chachikulu ndi gripa ku Mexico ndi Colombia, gripe ku Spain, ndipo ku Puerto Rico amati "la monga". Mimba ndi estómago m'buku, koma mumva panza, barriga, ku Chile guata. Guagua ku Cuba ndi basi, ku Chile ndi ku Ecuador ndi khanda. Coger ku Spain ndi kutenga chabe koma ku Mexico ndi Argentina ndi mawu otukwana, ndiye gwiritsani tomar mupulumuke. Chinandisangalatsa nchakuti ambiri sanena diabetes, amangoti tengo azúcar, ndili ndi shuga, ndendende kwathu. BP ndi la presión, ku Spain amati la tensión. Mumvanso za empacho, susto ndi mal de ojo, matenda omwe amawafotokoza mwachikhalidwe chawo, ndipo ife amene tinakulira pakati pa nkhani za tsempho sitiyenera kuseka, funsani modekha kuti amwa kale mankhwala anji a zitsamba nkuuza dokotala.

Chomaliza, dziwani polekezera

Mu 1980 ku Florida mnyamata wa zaka 18 anafika naye ku chipatala ali chikomokere, abale ake a ku Cuba nkumati ali intoxicado, kutanthauza kuti wadya kapena wamwa chinthu chomwe chamudwalitsa. Ogwira ntchito anamva ngati akuti waledzera ndi mankhwala ozunguza bongo, pomwe magazi amatayikira mu ubongo. Anazindikira mochedwa, mnyamatayo anapuwala manja ndi miyendo, ndipo chipukuta misozi chake chinafika pafupifupi madola 71 miliyoni. Nkhaniyi amaiphunzitsa mpaka lero m'makalasi a omasulira.

Ndiye Chisipanishi chanucho ndi cha moni, kufunsa ululu, kutembenuza wodwala, kumukhazika mtima pansi. Ikafika nkhani yosainitsa chilolezo cha opaleshoni, kufotokoza zotsatira za kupima, kapena malangizo a mankhwala potuluka, nenani kuti voy a llamar al intérprete nkuitana womasulira wovomerezeka. Ku America malamulo, kuyambira Title VI ya Civil Rights Act ya 1964 mpaka Section 1557 ya Affordable Care Act, amafuna kuti zipatala zolandira ndalama za boma zipereke thandizo la chilankhulo, ndipo kugwiritsa mwana wa wodwala ngati womasulira nkosayenera. Samalaninso ndi odwala ena a ku Guatemala ndi kummwera kwa Mexico omwe amangoti sí, sí pa chilichonse, mwina chilankhulo chawo ndi K'iche', Mam kapena Mixteco ndipo Chisipanishi nawonso ndi chobwereka ngati inu nomwe. Afunseni kuti ¿qué idioma habla en casa?, kunyumba mumalankhula chilankhulo chanji.

Amene mukufuna pepala, DELE ya Instituto Cervantes ndi SIELE ndi mayeso odziwika a chilankhulo, ndipo ngati mwafika pofuna kukhala womasulira wa kuchipatala ku America kuli ziphaso zoperekedwa ndi mabungwe a CCHI ndi NBCMI. Funsaninso ku ofesi ya pantchito panu ngati ali ndi mayeso awoawo a ogwira ntchito olankhula zilankhulo ziwiri, malo ena sakulolani kulankhula ndi wodwala za chithandizo mu Chisipanishi musanakhoze amenewo.