Kodi dziko losauka lingayambe bwanji kuunika mankhwala ndi zipangizo zachipatala lisanagule?

Choyamba, unduna wa zaumoyo ukhazikitse kagulu ka madokotala, akatswiri a zachuma ndi odziwa ziwerengero za matenda, monga Thailand inachitira mu 2007 pokhazikitsa HITAP, bungwe lounika mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Kenako kaguluko kasankhe funso limodzi lokha, mwachitsanzo ngati katemera watsopano angapulumutse anthu ambiri kuposa mankhwala a malungo ogulidwa ndi ndalama zomwezo, ndipo kasonkhanitse mitengo yeniyeni ya m'zipatala za m'dzikomo, chifukwa ziwerengero zobwereka kumayiko olemera zimasocheretsa. Apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu. Zotsatira zake zifike kwa okonza bajeti nthawi ikadalipo, apo ayi lipotilo lidzangochita fumbi m'kabati. Pambuyo pake mayunivesite aziphunzitsa achinyamata ntchitoyi, ndipo boma liziwalipira lokha osadalira thandizo lakunja.