Esiteti ya malemu sigulitsidwa ndi kalata ya msonkhano wa pabanja

Mvula yobzalira yagwa, koma m'dera langa kuno ku Kasungu muli maesiteti atatu omwe khasu silinawakhudze. Mizere ndi ya chaka chatha, udzu wamera mpaka m'mawondo, zigafa zayamba kupendama. Eni ake ali bwinobwino, ena feteleza anagula kale. Chawamanga manja ndi chiletso cha khoti, ndipo konse kutatuko nkhani inayamba chimodzimodzi: mwini esiteti atamwalira, wachibale mmodzi anagulitsa malowo atanyamula kalata ya msonkhano wa pabanja.

Kalata imeneyi ndaiona kambirimbiri. Imalembedwa papepala long'amba m'kope, nthawi zambiri pamene abale asonkhana kudzamanga chiliza. Amalume asaina, mwana wamkulu asaina, anyakwawa adinda chidindo, basi wogula n'kuwerenga ndalama. Mayi wamasiye amauzidwa zitatha. Ana a nyumba yachiwiri, kapena mwana amene ali ku Johannesburg, amadzamva poona mlendo akuzika zikhomo m'malire.

Pepalalo silipatsa munthu mphamvu yogulitsa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1967, limafuna kuti wokhudza chuma cha malemu akhale amene anatchulidwa mu wilo ndipo khoti lamutsimikiza, kapena amene khoti lamupatsa zikalata zoyendetsera chumacho, zija kukhoti amati letters of administration. Ngati palibe wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana onse, ndi amene ankadalira malemuyo. Umalume pawokha si chiphaso. Lamulo lomwelo limati kulanda kapena kugulitsa chuma cha masiye usali woyenera ndi mlandu, ndipo munthu atha kukagwira ndende zaka 10. Izi takhala tikuzinena m'misonkhano ya makalabu, koma anthu amangogwedeza mutu n'kumadikira kuti tifike pa nkhani ya makuponi.

Kuno kwathu vutoli lili ndi muzu wake. Chisanafike chaka cha 1990, mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale. Ankalima ndi a maesiteti okha. Choncho m'zaka za m'ma 1980 mabanja ambiri ku Kasungu ndi ku Mchinji anaphatikiza minda yawo n'kuilembetsa ngati esiteti, ambiri pa lizi ya zaka 21, m'dzina la munthu mmodzi amene ankadziwa za m'maofesi. Lero munthuyo kulibe. Ana ake akuti dzina la bambo athu ndi limene lili pa lizi. Alongo ake akuti munda uwu ndi wa amayi athu, iye tinangomutuma. Aliyense mwa iwo ali ndi pomwe akunena zoona, n'chifukwa chake mlandu wotere sutha pansi pa mtengo tsiku limodzi. Ndiye wina, nkhani isanaunikidwe, n'kuthamangira kugulitsa kuti apeze ya feteleza!

Mlimi wina wa m'kalabu ina yomwe ndimayendera anandipeza pa njinga mwezi wathawu, nkhope itagwa. Iyeyu anali wogula. Anagulitsa ng'ombe zake zonse zinayi pamodzi ndi ngolo, nawonjezera ndalama za soya, kuti agule mbali ina ya esiteti ya mnansi wake amene anamwalira. Anandionetsa kalata ija, ataikulunga bwino m'pulasitiki. "Alangizi, onani chidindo cha amfumu chili apa," anatero. Ndinamufunsa ngati wogulitsayo anamuonetsa pepala lililonse la kukhoti. Anangoti kukamwa yasa. Anali atalima kale nazale, mbande zili zobiriwira, pamene mayi wamasiye anabwera ndi chiletso. Mbandezo zakulira pabedi. Wogulitsa ndalama anadya, zina anagawira abale, ndipo lero akuti alibe pogwira. Bamboyu tsopano akubwereka ngolo kwa anthu amene kale ankabwereka kwa iye.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mathero a milandu imeneyi. Abale akakanika kumvana, khoti litha kulamula kuti malowo agulitsidwe, ndalama zigawidwe. Nthawi zina amene amafika msanga ndi banki, ngati malemu anasiya ngongole atapereka esiteti ngati chikole, kapena asherifu otumidwa ndi wina amene anapambana mlandu wa ngongole. Pamenepo malo amapita pa okushoni. Alimi a fodya mukudziwa mmene zimakhalira ku Kanengo kapena ku Chinkhoma: mtengo amanena ndi wogula, iwe umangoimirira. Pa malo n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa obwera kudzapikisana amakhala ochepa ndipo onse akudziwa kuti banjalo lapanikizika. Esiteti yoti yakhala zaka ziwiri kapena zitatu yosalimidwa, mitengo anthu atadula makala, malata a zigafa atasowa, ndani angaiwerengere mtengo wabwino?

Ndalama zikatuluka sizifika kaye kwa ana. Ayamba achotsa za wogulitsa pa okushoni, za maloya, ngongole za malemu, ndi lendi ya malo ya boma imene ambiri anasiya kulipira kalekale. Malizi ena anatha nthawi osawonjezeredwa, zomwenso zimagwetsa mtengo. Chotsala n'chimene agawane anthu khumi kapena kuposa. Ndaona ana amene anakulira pa esiteti ya bambo awo akuchita lendi ekala imodzi kwa munthu amene anaigula. Osawerengera zokolola za zaka zonse zomwe mlandu unali kukhoti, ndi thiransipoti yopitira ku Lilongwe n'kukamva kuti nkhani yaimitsidwa mpaka tsiku lina.

Ndipo tisanamizane, zambiri mwa izi zikuchokera kwa ife amoyo. Ukauza bambo wa esiteti kuti alembe wilo, amati ukumulodza. Munthu yemweyo amasunga malisiti a mabelo a fodya a zaka khumi m'sutikesi, koma kulemba tsamba limodzi lonena kuti munda wakumtunda ndi wa uje, dimba ndi la uje, akuti n'kuitana imfa. Ena amabisa ngakhale pomwe pali pepala la lizi, mkazi wawo osadziwa. Ndatopa nako kumva mawu akuti "abale anga ndi omvana." Amamvana inu mulipo.

Kwa amene zakugwerani kale: musagulitse, musagule, musalandire ngakhale ya chikole. Pitani kwa DC kapena ku ofesi ya Administrator General ndi chikalata cha imfa, pepala la lizi, ndi mayina a ana onse, a kunja kwa banja omwe, kuti akulongosolereni za zikalata za kukhoti. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Ngati wina wayamba kale kutsatsa malowo, kadziwitseni a ofesi ya malo msanga, ndipo mayi amene akuthamangitsidwa akanene ku polisi ku Victim Support Unit. Ogula, funsani pepala la khoti ndipo mukafufuze ku ofesi ya malo ngati esitetiyo ilibe ngongole. Pamene mukudikira, gwirizanani polemba kuti ndani alime mbali iti chaka chino. Soya ndi mtedza mukhoza kubzalabe mpaka pakati pa Disembala.