Musanagule giza, yambani mwatsegula bokosi la magetsi

June akafika, chiperoni n'kuyamba kuwaza ku Blantyre, chisanu cha ku Dedza ndi Mzuzu n'kumaluma zala, ambirife timatopa ndi kutereka madzi pambaula mbandakucha. Maganizo amathamangira ku giza, thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi. Koma ambiri amayambira kusitolo kukafunsa mtengo wa thanki, pomwe funso loyamba lili pakhoma m'nyumba mwawo momwemo: kodi mawaya ndi ma breaker (maswitchi odzizimitsa okha magetsi akachuluka) omwe alipo angasenze katundu ameneyu?

Choyamba, werengani ma amp, muyeso wa magetsi omwe chipangizo chimakoka. Nyumba zambiri zimalandira magetsi a ESCOM a single phase, a 230 volts. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa ma watt ake, ndipo mukawagawa ndi 230 mupeza ma amp omwe chimakoka. Giza ya malita 150 kawirikawiri imabwera ndi elementi (chitsulo chotenthetsa madzi) ya ma watt 3,000, kutanthauza ma amp 13. Ketulo ya ma watt 2,000 imakoka pafupifupi 9, ayironi ya 1,200 imakoka 5, pomwe kukala ya mbale zinayi, zonse zikayaka pamodzi ndi uvuni, imatha kupitirira 30. Tsopano tsegulani kachitseko ka DB board, bokosi la magetsi la pakhoma lija, muone nambala yolembedwa pa breaker yaikulu. M'nyumba zambiri za m'tauni mupezapo 60 kapena 63. Phatikizani zija: 13, 9, 5 ndi 30 zakwana 57, firiji ndi mababu tisanawerengere. Ndiye taganizirani Lolemba m'mawa, phala lili pamoto, wina akusita yunifolomu, wina akufuna tiyi, giza nayo ikubwezeretsa madzi omwe ana asambira. Nthawi imeneyo ndi yomwe muziyesera nayo, osati masana nyumba ili zii.

Ngati nyumba yanu inalumikizidwa ndi ka ready board kokhala ndi masoketi ochepa ndi babu, musapitirire. Kameneko sikanapangidwire giza, ndipo mufunika kuyala mawaya enieni kaye. Mukaonanso kuti zomwe mukufuna zikuposa mphamvu yomwe munapatsidwa, njira ndi yokapempha kuofesi ya ESCOM kuti akuonjezereni, osati kungochotsa breaker n'kuikapo yaikulu. Breaker imateteza waya. Mukaikulitsa waya ali yemweyo, chomwe chidzayambe kupsa ndi wayayo, m'denga, pomwe simukuona.

Chachiwiri, sankhani mtundu ndi kukula. Timashawa totenthetsa madzi pomwepo timaoneka tochepa komanso totchipa, koma ndi timadyaidya: ka ma watt 7,000 kamakoka ma amp 30 kokha, ndiye kamafuna waya wa 6 mm² kapena kuposerapo. Giza ya thanki imakoka pang'ono koma kwa nthawi yaitali. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ndi elementi ya ma watt 3,000 kumatenga maola awiri ndi mphindi 20. Chulukitsani ndi masiku a mwezi muone ngati thumba likuvomera. Anthu awiri kapena atatu osamba pashawa, ya malita 100 imawakwanira.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, giza ikhale ndi mzere wakewake kuchokera ku DB board. Kwa ya ma watt 3,000, waya wa 2.5 mm² ndi breaker ya ma amp 20 ndiye poyambira, ndipo mtunda ukatalika amisiri odziwa amaika wa 4 mm². Pafupi ndi thanki pakhale switchi ya double pole, yodula live ndi neutral zonse, kuti wokonza azitha kuzimitsa ali pomwepo. Pakhale earth leakage (switchi yodula magetsi akayamba kuthawira pansi kapena mwa munthu) ya 30 mA, ndipo waya wa earth ugwire thupi la giza ndi mapaipi achitsulo. Munthu amasamba wopanda nsapato, thupi lili lonyowa. Magetsi ochepa omwe pena angangokugwedezani, m'bafa amapha.

Kwa msuweni wanga anabwera mnyamata wina wa "ndimatha zonse", tester ili m'thumba la shati. Anangotenga waya pa soketi ya kuchipinda n'kulumikiza giza, ati kupulumutsa ndalama. Patatha milungu ingapo m'nyumba munayamba kumveka fungo ngati la nsomba yowola. Anafufuza kukhitchini, anasuntha firiji, osapeza kanthu, mpaka tsiku lina atakankha bedi anapeza soketi itada bii, pulasitiki itasungunuka ngati phula. Choncho musachite manyazi kufunsa kuti, "Achimwene, chiphaso cha MERA muli nacho?" Bungwe limeneli ndi lomwe limapereka zilolezo kwa oyala mawaya, ndipo mmisiri weniweni sakwiya ndi funsoli. Pogula waya mupite naye, chifukwa pamsika pali wina wooneka wonenepa kunja koma kopa wake ali ngati ulusi.

Chachinayi ndi cha apulambala. Malita 150 a madzi ndi makilogalamu 150, kuphatikizapo thanki yakeyo. Ngati ikukwera m'denga, ikhale pamwamba pa khoma kapena pa matabwa olimba, osati pa phaso limodzi lofumbwa ndi chiswe. Pansi pake payalidwe thireyi yokhala ndi paipi yotulukira panja. Safety valve, kavalavu kotulutsa madzi akapanikizana m'thanki, isatsekedwe ngakhale izidontha. Kudonthako ndiye ntchito yake, madzi akatentha amafufuma. Giza ikhalenso pafupi ndi bafa, chifukwa paipi ikatalika mumataya ndowa ya madzi ozizira musanamve kufunda.

Pomaliza ndi kuyatsa. Dzazani thanki kaye. Tsegulani mpope wa madzi otentha, muusiye utsokomole mpweya wonse mpaka madzi azituluka bwinobwino, kenako ndiye mukweze breaker. Elementi ikayaka popanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chake tsiku lomwe mipope yauma ndi bwino kuzimitsa giza. Thermostat, yomwe imalamulira katenthedwe ka madzi, muiike pa madigiri 60: kutsitsa kwambiri kumapatsa mpata tizilombo ta legionella kuswana m'thanki, kukweza kwambiri n'kungowotcha mayunitsi ndi khungu la ana.

Ndalama ikatsalako ikani timer, giza iziyaka cha m'ma 3 koloko usiku n'kuzima kukala isanayambe ntchito, kuti ma amp 13 aja asakumane ndi 30 aja. Ndipo ngati muli ndi inverter kapena kajenereta ka nthawi yomwe magetsi athima, muuzeni mmisiri mzere wa giza ausiye kunja. Mabatire omwe akanakuunikirani usiku wonse, giza imawapsereza madzi asanafunde n'komwe.