Wofotokoza Nkhani Asadziwe Zimene Sanaone

Musanalembe chiganizo choyamba cha nkhani yopeka, sankhani munthu amene owerenga adzaonere zochitika kudzera m'maso mwake, ndipo mukamusankha musamusiye panjira. M'nthano, wofotokoza akanena kuti "Padangokhala" omvera n'kuyankha kuti "Tili tonse," amaloledwa kudziwa zimene Kalulu akuganiza komanso zimene Njovu ikukonza mumtima, chifukwa iye ali pamwamba pa onse. Olemba ambiri atsopano amatenga ufulu umenewu n'kuulowetsa m'nkhani imene aiyamba ndi "ine", ndipo apa ndi pamene nkhani imafooka.

Tiyerekeze kuti wofotokoza ndi mtsikana wa zaka 12 amene bambo ake amwalira, ndipo abale a malemuwo akugawana katundu. Mtsikanayu saloledwa kukhala pa zokambirana za akuluakulu. Amangomva mawu odukaduka ali kukhitchini, amaona njinga ikutulutsidwa m'nyumba, amaonanso mayi ake atakhala pamkeka osayankha kanthu. Lembani zokhazo. Mukalemba kuti abalewo anali atapangana kale usiku, mwamupatsa mwanayo chidziwitso chimene alibe, ndipo owerenga amasiya kumukhulupirira. Kusadziwa kwakeko n'kumene kumawawa kwambiri, chifukwa owerenga amamvetsa bwino lomwe zimene iye sakumvetsa, ndipo ndimaona kuti mphamvu imeneyi siyenera kutayidwa mwachisawawa.

Mukamaliza, werengani ndime iliyonse mukudzifunsa ngati wofotokozayo anaona, anamva kapena anauzidwa zimene zalembedwazo. Ngati mukufunadi maganizo a mayiwo, apatseni mutu wawowawo, koma musasinthe wofotokoza pakati pa ndime.